Matabwa Oyera a Alamu Anga

Ndinalowa chikamwini m'mudzi wina kufupi ndi Nsaru ndili ndi sowo, pulena ziwiri, hamala ndi bokosi losungiramo zidazo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Ukalipentala ndinauphunzira ku mishoni zaka zinayi, kwa mmisiri amene ankakumenya ndi rula pa zala ukasiya mpata polumikiza matabwa. Ndinachoka kumeneko ntchito ndikuidziwa. Zitseko zina zomwe ndinakhoma masiku amenewo zikutsekabe mpaka lero.

Kwathu ndi kwa Kabudula. Mayi anga anali ndi munda waukulu ndi dimba, koma wolima panalibe, chifukwa mlongo wanga mmodzi yekhayo anamwalira pa njala ija. Ine ndinkafuna chitengwa: eni mbumba andilole nditenge mkazi wanga ndi ana athu awiri tikakhale kwathu. Pa mudzi wa akazi anga ndinakhalapo zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinalimira apongozi, ndinawamangira nkhokwe ziwiri ndi chigafa cha fodya, ndinawakhomera chitseko ndi mpando wa ndalema. Palibe tsiku limene ananditumapo n'kuwayankha mokweza. Nkhani ya chitengwa ndikaitchula, apongozi ankati, "Ine ndilibe mawu, bambo. Mwini mbumba ali ku Halale. Abwere kaye."

Mwini mbumbayo anali mlongo wake wa mkazi wanga, mwana woyamba wa apongozi. Anakhala ku Halale zaka khumi ndi zinayi akuphikira mzungu. Anabwera Chitaganya chitangoyamba kumene, ali ndi njinga, galamafoni, sutukesi ziwiri ndi chipewa chomwe sankavula ngakhale popereka moni kwa akuluakulu. Isanathe miyezi isanu anakwatira mkazi wa ku Msundwe n'kumutenga chitengwa pomwepo. Kwa apongozi akewo sanalimeko ngakhale mzere umodzi. Kenako anaumbitsa njerwa, anaotcha, anamanga nyumba ya malata, yoyamba m'mudzimo. Mafelemu a zitseko ndi mawindo ndinakhoma ine.

Nyumba itafoleredwa ndinatuma mawu kwathu. Atsibweni anga, omwe anali ankhoswe a ukwati wathu, anabwera wapansi kuchokera kwa Kabudula, nkhuku ili m'khwapa. Tinakhala pakhonde la nyumba yatsopanoyo. Anthu analipo angapo. Atsibweni anayala nkhani mwaulemu: mwana wathu wakutumikirani, mayi ake akalamba, munda ukumera tchire.

Alamu anamvetsera akupukusa phazi. Atsibweni atamaliza, iwo anati, "Atsibweni, ndikufunseni. Inu mutakhala ndi ng'ombe yokoka ngolo bwino chonchi, mungaipereke kwa munthu chifukwa wabwera ndi nkhuku?"

Anthu anaseka. Ena anaseka chifukwa cha mantha, ena zinawakomeradi. Ndinawaona onse, ndipo ndikuwakumbukira mmodzimmodzi.

"Manja awa ndi a mudzi uno," anapitiriza alamu. "Akapita, mipando yathu azitikhomera ndani? Adikire kaye. Ntchito ilipo yambiri."

Atsibweni anabwerera ndi nkhuku yawo. Ndinawaperekeza mpaka pa dambo. Potsazikana anangoti, "Mayi ako akuti ukapanda kubwera dzinja la chaka chamawa lisanafike, munda aupereka kwa ana a mng'ono wawo. Sangausunge mpaka kalekale."

Ntchito yomwe alamu ankanenayo inali ya pabalaza. M'nyumba ya bwana wawo ku Halale munali chipinda chimene makoma ake anakutidwa ndi matabwa kuchokera pansi mpaka kudenga, njerwa osaoneka. Iwo ankafuna balaza lawo likhale chimodzimodzi. Anandiitana m'mawa wina, anandiimika pakati pa chipindacho, n'kumaloza ndi ndodo.

"Uku matabwa, uku matabwa, ukunso matabwa. Oimirira, osati ogona. Mwamva, amisiri?"

"Ndamva. Matabwa ake ali kuti?"

"Si awo mwaunjika kuseri kwa chigafa?"

Kuseri kwa chigafa kunali milu iwiri. Mulu woyamba unali wa mlombwa. Mitengo iwiri ikuluikulu ndinaigwetsa ndekha, ndinacheka padzenje ndi msuweni wanga mwezi wathunthu, ine pamwamba iye pansi. Matabwawo ndinawasanja pamthunzi, timitengo pakati pake kuti mphepo izidutsa, ndipo anali atauma zaka ziwiri. Anali a nyumba yanga ya kwa Kabudula: chitseko, mawindo awiri, bedi ndi tebulo. Thabwa lililonse ndinkadziwa pomwe lidzakhale.

Ndinati, "Alamu, mlombwa uja ndi wa nyumba yanga."

"Nyumba yanu iti? Nyumba yanu si iyo ili apoyo, yaudzu? Mitengo imeneyo inamera pa nthaka ya yani?"

Mtengo womera pa nthaka ya mbumba ndi wa mbumba, ngakhale thukuta likhale la mkamwini. Mlandu umenewo sindikanawina kulikonse.

Mulu wachiwiri unali wa mombo. Umenewo tinacheka mothamanga chaka chomwecho kuti tipeze zikombole za njerwa ndi matabwa opondapo omanga nyumba. Anatsala ambiri. Mombo ndi mtengo wa luzi ndi nkhuni. Mbali yake yakunja ndi yoyera bwino, koma fufuzi amaukonda ngati mwana akondera nzimbe. Ndinali nditaona kale kaufa kachikasu pansi pa mulu umenewo. Fufuzi anali atalowamo.

Madzulo a tsikulo ndinatenga thabwa limodzi la mlombwa ndi limodzi la mombo. Ndinanola pulena. Onse awiri ndinawapala mofanana, mpaka dzanja likamadutsapo lizingoterera. Mombo umavuta kupala, umanyotsoka, koma ndinaupirira mpaka unasalala. Sindinganame kuti sindinkadziwa chomwe ndinkachita. Ndinkadziwa.

Mawa lake ndinadikira mpaka anthu atasonkhana pakhonde kumvera galamafoni. Panali apongozi, akazi awo a alamu, ndi madoda awiri a m'mudzimo, omwe aja anaseka kwambiri tsiku la nkhuku. Ndinabwera ndi matabwa awiriwo n'kuwatsamiritsa pakhoma, padzuwa.

"Alamu, nyumba ndi yanu. Matabwa alipo a mitundu iwiri. Sankhani nokha pamaso pa anthu, kuti mawa pasadzakhale mawu."

Anaimitsa galamafoni. Anaimirira, manja kumbuyo, n'kumayang'ana ngati mzungu wogula fodya. Mlombwa unali wofiirira, wa mizere yakuda. Mombo unali mbee, kuwala.

"Ofiirawa ayi," anatero. "Mukufuna balaza langa lide ngati chigafa chofukizira fodya? Kwa bwana matabwa anali oyera. Ukalowa, maso ankachita kutseguka. Awa ndi amenewo."

"Ofiirawa ndi olimba," ndinatero. Ndinanena kamodzi, momveka, aliyense anamva.

"Ndakufunsani za kulimba ine? Kodi ndikumanga khola la nkhumba? Inu amisiri a kumudzi vuto lanu ndi limeneli. Simunaone nyumba."

Mdala mmodzi anadzuka n'kudzasisita thabwa loyeralo. "Koma ndiye kusalala! Ngati mbale ya dothi ya kusitolo, eti?"

Mnzake analinunkhiza n'kuvomereza ndi mutu. "Awa ndiye matabwa achizungu."

Ndinayang'ana pansi kuti nkhope isandigulitse. Madoda amenewo anasenda luzi la mombo kuyambira ali ana. Mukanawaonetsa khungwa lokha, kapena tsamba limodzi, akanautchula ali chitsinzire. Koma anthu a kumudzi mtengo amaudziwira kunja: khungwa, masamba, kaimidwe kake m'tchire. Wochekedwa n'kupalidwa anali asanauonepo. Ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti kodi mtengo wake ndi wanji. Akanafunsa, ndikananena. Bodza sindinama. Koma funso silinabwere.

"Mwasankha oyerawa, alamu?"

"Mwagontha? Oyerawo."

"Amayi, mwamva?" ndinafunsa apongozi.

"Ndamva, bambo. Asankha oyera."

Ntchitoyo ndinaigwira milungu isanu ndi umodzi, ndipo sindinaigwirepo ina mosamala kuposa imeneyo. Ndinkafuna kuti tsiku likadzafika, munthu asadzapeze chala changa pa cholakwa chilichonse. Matabwa ndinawapala onse kufika theka la inchi. M'mbali mwake ndinasema kuti lina lizilowa pansi pa linzake, kuti akafota m'chilimwe njerwa zisaonekere pampata. Pakhoma ndinayamba ndakhomapo mitanda yopingasa itatu, ya muwanga, umene chiswe chimaulephera. Matabwawo anakhala pa mitandayo, osakhudza njerwa, kuti khoma lizipuma ndipo chinyezi cha dzinja chisawafike. Pansi ndinasiya mpata wa zala ziwiri kuti madzi okolopera asawanyowetse. Misomali ndinkaikhoma chopendeka m'mphepete, thabwa lotsatira n'kuibisa. Munthu ukanayenda chipinda chonse osaona mutu wa msomali.

Alamu ankabwera kawirikawiri kudzaimirira kumbuyo kwanga.

"Mpata uwu pansipa ndi wa chiyani? Matabwa akuperewera?"

"Ndi wa madzi."

"Kwa bwana kunalibe mpata."

"Unalipo. Anaubisa ndi kathabwa kopingasa. Nanenso ndibisa."

"Hmm. Mwaonatu, mukamamvera mumaphunzira."

Ndinkangoti, "Inde, alamu," n'kumakhoma. Thabwa lina ndikamalinyamula ndinkaona timabowo tiwiri titatu kumbuyo kwake, tating'ono ngati poboola singano. Mbali imeneyo inkayang'ana kukhoma.

Vanishi alamu anakagula kwa mwenye wina wa sitolo pa Nsaru, bambo wachisilamu wa ndevu zoyera amene ankagulitsanso misomali ndi mahinjesi. Ndinapaka katatu. Chipindacho chinawala zoona. Ngakhale ine ndinaima pakhomo n'kuchiyang'ana kanthawi. Vanishi anatseka kumaso kokha. Kumbuyo kunali kosapaka, ndipo odya anali kale m'kati.

Anthu anachokera midzi yoyandikana kudzaona. Alamu ankawalowetsa atavula nsapato, amene anali nazo. Ndinkawamva ndili panja: "Pulani yonseyi ndi yanga. Mtengo ndinasankha ndekha. Uyu anangokhoma." Mawu amenewo ndinkawakonda. Ndinkafuna awanene kwa anthu ambiri, ndipo anawanenadi.

Dzinja linabwera n'kupita. Tinakolola, tinafukiza fodya. Ine ndinkalima munda wa apongozi ngati kale, kukhoma mipando, kudya, kugona. Mkazi wanga anandifunsa kamodzi ngati ndituma atsibweni kachiwiri. Ndinati nthawi sinakwane. Anandiyang'ana, n'kubwerera ku ntchito yake.

Chomwe ndinkayang'anira chinali tsache la akazi awo a alamu. M'mawa uliwonse ankasesa pabalaza n'kukataya zinyalala kuseri kwa nyumba. Chakumapeto kwa mvula ndinayamba kudutsa kumeneko popita kudimba. Poyamba munali fumbi wamba. Kenako ndinayamba kuona ufa wachikasu, wosalala ngati wa mgaiwa wosefa. Mwezi wa June unali wodzaza dzanja. Mayiyo anayamba kusesa kawiri pa tsiku. Tsiku lina anandipeza ndikuyang'ana pa dzalapo.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "makoma aja akutuluka ufa. Ndiponso mukakhala chete mumamveka kutetera, te-te-te, ngati muli chamoyo."

"Mwawauza eni ake?"

"Ndinawauza. Akuti ndi fumbi la kudenga, ine ndine waulesi posesa."

"Ndiye sesani," ndinatero.

Mayiyo sanandilakwire chilichonse. Zimenezo ndikuvomera. Koma nkhani sinali ya iye.

Tsiku lake linafika mu August, Lamulungu masana. Alamu ankafuna kulembedwa uchikumbe, ndiye anaitana mlangizi wa zaulimi kudzamwa tiyi. Anaitananso mwenye wa sitolo uja ndi aphunzitsi a pasukulu yapafupi. Ine anandituma kubweretsa mipando iwiri yoonjezera, kenako anati ndikhale pakhonde, mwina afuna china. Chitseko chinali chotsegula. Ndinakhala poti ndizionera bwino.

Tiyi atathiridwa, alamu anayamba nkhani yawo ya masiku onse. Za Halale, za bwana, za chipinda cha matabwa.

"Anthu kuno sadziwa kusankha mtengo," anatero. "Amangoti bola wolimba. Tamverani kulira kwake uku."

Anamenya khoma ndi chikhatho, mwamphamvu, kawiri.

Ufa unatuluka m'timabowo tonse nthawi imodzi, kuchokera kudenga mpaka pansi, ngati munthu wakutumula thumba la chigayo. Unagwera m'makapu. Unagwera pa jekete lakuda la aphunzitsi ndi pa chipewa cha alamu. Mlangizi anayetsemula katatu.

Mwenye uja anaika kapu yake pansi, anadzuka, anayandikira khoma. Anayang'anitsitsa, kenako anakanikiza ndi chala chachikulu. Chala chinalowa. Vanishi anaphwanyika ngati chigoba cha dzira, m'kati muli ufa wokhawokha.

"Achimwene," anatero, "vanishi wanga ndi wabwino, taonani wagwira yekha khoma lonseli. Koma kumbuyoku kulibe thabwa."

Aphunzitsi anayesetsa kudzigwira, koma kuseka kunawatulukira m'mphuno. Mlangizi anati ali ndi ulendo wina, n'kutuluka akukutumula malaya. Podutsa pakhonde anandipatsa moni. Ndinayankha mwaulemu.

Alamu anatuluka alendo asanafike n'komwe pa njinga zawo. Nkhope inali itayera ndi ufa, maso okha ofiira.

"Iwe! Wandilodzera nyumba!"

Aka kanali koyamba kunditchula kuti iwe. Ndinaimirira pang'onopang'ono.

"Mawu amenewo ndi aakulu, alamu. Itanani ankhoswe, mukawanene pamaso pawo."

Anawaitanadi, chifukwa ankaganiza kuti andilipitsa. Patapita masiku anayi tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwa apongozi. Atsibweni anga anabwera. Kuchikazi kunali ankhoswe awo, mchimwene wawo wa apongozi, munthu wofatsa amene sankakonda milandu. Madoda awiri aja analiponso, ndi amayi ambiri atakhala chapatali ngati akusenda mtedza.

Alamu anayankhula nthawi yaitali. Anati ndawaonongera nyumba dala chifukwa cha chitengwa, ndawachititsa manyazi pamaso pa anthu a boma, ndipo ngati si mankhwala ndiye ndi ntchito yosadziwa.

Nthawi yanga itafika ndinati, "Ntchito yanga pitani mukaione. Mitanda ili nji. Msomali ngakhale umodzi sunasunthe. Chinyezi sichinalowe, chiswe sichinakwere. Chimene chadyedwa ndi mtengo. Mtengo anasankha ndani?"

Ndinatembenukira kwa apongozi.

"Amayi, munalipo."

Apongozi anayang'ana mwana wawo, kenako anayang'ana pansi. "Anasankha yekha. Bamboyu ananena kuti ofiira ndi olimba. Ndinamva."

Ndinali nditabwera ndi kathumba. Ndinatulutsamo chidutswa cha mtengo womwewo, chimene ndinasunga chaka chonse: mbali imodzi yopalidwa, yoyera, mbali inayo khungwa likadali pomwepo. Ndinachipereka kwa mdala uja anati mbale ya kusitolo, mbali yoyera ili pamwamba.

"Agogo, awa si matabwa achizungu aja?"

"Ndi omwewo."

"Tatembenuzani."

Anatembenuza. Anayang'ana khungwalo, anakanda ndi chikhadabo, luzi linasendeka. Pakamwa panatseguka.

"Aa! Mombo!"

Chidutswacho chinayenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa amayi aja. Kuseka kunayambira kumeneko. Mayi wina anafuula kuti, "Akuta nyumba ya malata ndi nkhuni!" Wina anati, "Ku Halale mombo amautcha matabwa a bwana, eti?" Ngakhale ankhoswe akuchikazi anabisa nkhope m'chipewa. Ine sindinaseke. Ndinkangoyang'ana alamu, ndipo sindinachotse maso mpaka iwo atayang'ana kumbali.

"Unkadziwa," anatero alamu. "Bwanji sunanene kuti ndi mombo?"

"Munandifunsa? Munati ine sindinaone nyumba. Munati pulani ndi yanu, ine ndingokhoma. Ndinakhoma."

"Mwamva, amayi? Wavomera yekha! Alipire!"

Apongozi anakweza dzanja. Anali mayi wosayankhulayankhula pa milandu, moti anthu anakhala chete msanga.

"Ndamva," anatero. "Bamboyu wachita nkhanza. Ankadziwa, anakhala chete chaka chathunthu, akudya m'mbale zanga. Zimenezo sindidzaiwala." Anandiyang'ana, ndipo ndinapirira maso awo. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. "Koma iwe unamuyamba. Zaka zisanu ndi ziwiri munthu akundilimira iwe uli kophika nyama za azungu. Wabwera, wamunyoza pamaso pa atsibweni ake. Tsopano anthu awiri inu simungamwerenso chitsime chimodzi. Mmodzi adzapweteka mnzake, ndipo olira adzakhala mwana wanga wamkazi. Achimwene, nkhuku ija ikabweranso, landirani."

Atsibweni anga anakhosomola. "Ilipo," anatero. "Ndaimangirira kuseri kwa nkhokwe."

Alamu anaona kuti zawathera. Anaimirira n'kunena kuti, "Apite. Lero lomwe ngati akufuna. Koma thabwa ngakhale limodzi la mlombwa lisatuluke m'mudzi muno. Ndi mitengo ya mbumba."

Pamenepo anandipweteka, ndipo ankadziwa. Ndinayang'ana atsibweni. Anapukusa mutu pang'ono, kundiuza kuti ndisatsutse. Zaka ziwiri zoumitsa, mwezi wathunthu padzenje, zonse ndinazisiya kuseri kwa chigafa.

"Asiyeni akhale nawo," ndinatero. "Koma wowakhomera akafune kwina."

Tinanyamuka patapita masiku atatu, m'mawa, pa ngolo yobwereka. Katundu anali wochepa: mphasa, miphika, mtondo, mbewu ya chimanga ndi mtedza, bokosi langa la zida. Apongozi anatiperekeza mpaka kumapeto kwa mudzi. Anagwira ana pamutu, anayankhula ndi mwana wawo wamkazi. Ine anangonditsazika ndi mawu awiri. Alamu sanatuluke. Podutsa pa nyumba yawo tinaona matabwa aja atazulidwa, ataunjikidwa panja, akazi awo akuthyola ena ndi bondo kuti akasonkhere moto.

Ana anakwera pangolo. Ine ndi mkazi wanga tinkayenda pambuyo. Tinadutsa dambo, tinakwera mtunda, mudzi unabisika. Mtima wanga unali mbee, koma ndinkaopa mbali imodzi. Munthu amene ndinamuchititsa manyaziyo anali mlongo wake wa mkazi wanga, wobadwa naye mimba imodzi, ndipo chiyambire tsiku la mlandu iye anali asananenepo kanthu.

Ndinati, "Amake mwana, mwakwiya?"

Anapitiriza kuyenda, maso ali pa ngolo.

"Mukuganiza kuti munali nokha wodziwa?"

"Mukutanthauza chiyani?"

"Mitengo ya zikombole ija mutaigwetsa, luzi lomangira mpanda wa bafa ndinakasenda pomwepo. Ndinaona mukuicheka. Ndinaona mulu womwe munatengapo thabwa loyera lija. Ine mombo ndisaudziwe?"

Ndinaima pamsewu. "Ndiye bwanji simunawauze achimwene anu?"

"Tiyeni, ngolo ikutisiya." Tinayambanso kuyenda. "Tsiku lija anabweza atsibweni anu, ine ndinali kuseri kwa chitseko. Anakamba za inu, za mipando, za mudzi. Kundiitana n'kundifunsa ngati ndikufuna kupita kapena kukhala, ayi. Chibwerereni ku Halale sanandifunsepo kanthu kalikonse. Ndiye nanenso ndinalibe choti ndiwauze."

Chaka chonse ndinkadziona ngati ndasenza chinsinsi ndekha, osadziwa kuti munthu wogona naye mphasa imodzi wasenza chomwecho, ndipo iye chinkamulemera kuposa ine.

"Koma mumve, abambo ake," anatero. "Zathera pomwepa. Kumene tikupitaku anthu adzakupatsani ntchito chifukwa chokukhulupirirani. Munthu akasankha mtengo woipa, muzimuuza dzina lake, afunse asafunse. Mukadzachitanso zimenezi kwa wina, ine ndidzanena pamaso pa anthu."

"Ndamva."

"Ndipo mayi anga mudzapita kukawapepesa. Osati chaka chino. Koma mudzapita."

Tinafika kwa Kabudula dzuwa litapendeka. Mayi anali pakhonde. Munda unali usanaperekedwe, ndipo tinayamba kuswa mphanje sabata yomweyo, mvula isanagwe. Nyumba yathu yoyamba inali ndi chitseko cha mapesi, ine kalipentala wa ku mishoni, ndipo anthu ankandiseka nacho mpaka ndinapeza mlombwa wina n'kuuumitsa.

Kwa apongozi ndinapita patatha zaka ziwiri, ndi mpando watsopano pamutu. Anaulandira, anakhalapo, tinayankhulana. Kwa alamu sindinapite. Tinkakumana pa maliro ndi pa msika wa fodya, aliyense n'kuyang'ana kwake. Anamwalira tisanagwirane chanza. Ana anga amati ndikanapepesa. Ndimawauza kuti akanayamba iwo.